Tayala lakutsogolo likukana kudzuka: mavuto a wheelie pa njinga zamoto zing'onozing'ono

Kuyambira ku Bvumbwe mpaka ku Limbuli dandaulo lake ndi limodzi. Munthu akufuna kuchita wheelie, kutanthauza kuyenda pa tayala lakumbuyo lokha, njinga ndi ya injini ya 125 kapena 150 cc, moto wapatsidwa wonse, injini yalira mpaka agalu kuuwa, koma tayala lakutsogolo langodzuka msinkhu wa chikhatho n'kubwereranso pansi. Kwa ena likadzuka limathawira kumbali. Kwa enanso limadzuka mopitirira, mwiniwake n'kupezeka ali chagada m'fumbi. Onsewa amamaliza ndi mawu amodzi akuti njingayi ilibe mphamvu.

Mphamvu ndi yochepadi. Honda XR150L imalemera pafupifupi makilogalamu 130 ndipo injini yake imatulutsa 12 hp kapena kupitirirapo pang'ono. Yamaha XTZ125 ili pansi pa pamenepo, ndipo za ku China zambiri za injini yotengera Honda CG zili m'gulu lomwelo. Njinga yotere singadzutse tayala ndi moto wokha ngati zija zikuluzikulu za mpikisano. Imadzuka pamene zinthu zitatu zakumana nthawi imodzi: mafoloko (mashoko akutsogolo) akubwerera m'mwamba, klatchi ikugwira mwadzidzidzi, thupi la wokwera lili kumbuyo. Chimodzi chikachedwa kapena chikakhala chowonongeka, palibe chomwe chichitike. Choncho musanaimbe mlandu injini, fufuzani chimene chikuchedwacho.

Buleki yakumbuyo iyambe

Amene sanakonze buleki yakumbuyo asayambe n'komwe. Tayala lakutsogolo likakhala m'mwamba, buleki yakutsogolo ilibe ntchito, ndipo chokhacho chotsitsa njinga isanagadabuke ndi phazi lanu lamanja.

Njinga zambiri zotchipa kumbuyo zili ndi buleki ya dilamu. Pondani chopondera chake ndi dzanja n'kuyeza: chiyenera kutsika mamilimita 20 mpaka 30 buleki isanagwire. Chikatsika kuposa apo, mangani nati ya kumapeto kwa kandodo kopita ku habu, theka la mzungulo nthawi iliyonse, mukuzunguza tayala kuti muone ngati silikukhula. Nati ikafika kumathero a ulusi buleki isanagwirebe bwino, mashuzi a buleki atha, gulani ena. Mashuzi onyezimira ngati galasi apalaseni pang'ono ndi sandipepa. Amene anyowa ndi oyilo kapena girizi atayeni, chifukwa kuwachapa ndi petulo kumangobisa vuto kwa tsiku limodzi. Kumbukiraninso kuti dilamu ikalowa madzi, monga mukawoloka kamtsinje kotsika m'phiri ku Likhubula, imaleka kugwira mpaka itauma. Yendani kamtunda mutaiponda pang'ono kuti iume.

Chinanso chimene ambiri saganiza ndi msinkhu wa chopondera. Mukakhala kumbuyo kwa mpando, phazi limapendekera mosiyana ndi mmene limakhalira poyenda wamba. Khalani pamalo amene mudzakhale pochita wheelie, muone ngati zala za phazi zili pamwamba pa chopondera popanda kuchotsa phazi pa chopondapo. Ngati mukuchita kufunafuna, sinthani bawuti yoimitsira chopondera. Nsapato zikhale zotseka ndi zolimba, zofika pa kakolo. Patapata amavuka nthawi yomwe mukufuna buleki.

Malo

Katondo wa ku Thyolo akanyowa amaterera ngati sopo, ndipo m'miyezi ya chiperoni amatha kuoneka wouma pamwamba pomwe pansi pali ponyowa. Fumbi lambiri la mu Okutobala nalonso limazunguzitsa tayala pachabe. Malo abwino ndi dothi lolimba louma kapena udzu waufupi wouma, otambalala mamita 50 kapena kuposa, opanda miyala, zitsa kapena ana. Kachitunda kokwera pang'ono kamathandiza kwambiri njinga yaing'ono chifukwa kulemera kumakhala kutapita kale kumbuyo. Bwalo la mpira ndi la eni ake, pemphani kaye. Misewu ya m'minda ya tiyi nayonso ili ndi eni, ndiponso mumadutsa mathirakitala ndi anthu osenza madengu amene simuwaona msanga pakona. Pa tala wa M2, kaya pa Luchenza kaya pa Chitakale, ayi ndithu. Apolisi apamsewu amakuwerengerani kuyendetsa mosasamala, ndipo ndi zoona. Pasakhale wokwera kumbuyo, ndipo helemeti yomanga lamba, magolovesi ndi buluku lolimba zisasowe.

Injini ikulira koma njinga sikudumpha

Apa pali zinthu ziwiri zofanana m'makutu koma zosiyana: mwina klatchi ikuterera, mwina tayala lakumbuyo likuzungulira pachabe. Yang'anani pansi pamene munayambira. Ngati pali mzere wokumbika, ndi tayala. Ngati pansi pali bwinobwino, ndipo mwina mukumva kafungo ka oyilo wopsa, ndi klatchi.

Kuti mutsimikize za klatchi, yendani pa giya yomaliza pa liwiro la makilomita 40 pa ola, pamalo okwera pang'ono, kenako tsegulani moto wonse. Injini ikakweza mawu liwiro lisakusintha, klatchi ikuterera. Yambani ndi chotchipa. Liva ya klatchi iyenera kusewera mamilimita 10 mpaka 20 kunsonga kwake isanayambe kukoka. Ikakhala yothina osasewera, mapuleti sagwirana mokwanira ngakhale mutaisiya, ndipo amapsa msanga. Masulani pa kosinthira ka pa handulo, kakakanika pitani pa nati ziwiri za kebulo pafupi ndi injini. Kebulo yadzimbiri kapena yothothoka mawaya imachedwetsa klatchi pobwerera, ndiye m'malo mogwira kamodzi imagwira mokwawa. Ithireni oyilo, ikakanabe isintheni.

Kenako funsani kuti mu injinimo munathiridwa oyilo wanji. Klatchi ya njinga izi imasambira mu oyilo yemweyo wa injini, ndipo oyilo wina wa galimoto ali ndi mankhwala oterereza amene klatchi yotere sigwirizana nawo. Pa botolo pakhale palembedwa JASO MA kapena MA2. Oyilo wopungulidwa m'chigubu chopanda dzina, amene sadziwika komwe wachokera, amatha kupha klatchi msanga.

Zonsezi zikakhala bwino, tsegulani chivundikiro chakumanja kwa injini. Pa injini ya mtundu wa CG puleti yatsopano imakhala yokhuthala pafupifupi mamilimita 3, ndipo ikafika pa 2.6 yatha. Mapuleti achitsulo amene asanduka abuluu kapena apindika asinthidwenso. Masipuling'i ayerekezeni ndi atsopano, akafupika ndiye kuti afooka. Mapuleti atsopano aviikeni mu oyilo wa injini kwa maola angapo musanawaike. Amakaniko ena amaika mawashala pansi pa masipuling'i otopa. Zimagwira kwa kanthawi, koma liva imalimba ndipo kebulo imaduka msanga. Masipuling'i si okwera mtengo moti n'kuchitira zimenezo.

Ngati vuto ndi tayala, khalani kumbuyo kwambiri kuti kulemera kupanikize tayalalo, ndipo phwetsani mpweya pang'ono. Njinga zambiri zotere zimayenda pa 22 psi kapena kuposerapo kumbuyo. Pophunzira pa dothi tsitsani kufika pa 18. Musapitirire kwambiri, chifukwa malimu a njinga zotchipa alibe chomangira tayala, ndiye klatchi ikamenya tayala limatsetsereka pa limu, limakoka chubu, valavu n'kuzuka. Chizindikiro chake ndi valavu yopendekeka. Mukaiona, phwetsani, bwezani tayala kuti valavu iwongoke, popani. Tayala losalala ngati mutu wa dazi lilibe mankhwala ena koma kugula lina.

Mukasiya klatchi injini ikutsamwa kapena kuzima

Kawirikawiri apa vuto ndi dzanja, osati makina. Kabuleta ya njinga izi, monga PZ27 ija yodzaza m'mashopu a ku Limbe, ikatsegulidwa yonse mwadzidzidzi injini ili pansi, mpweya umalowa wambiri mafuta asanatsatire, injini n'kunena kuti bwoo. N'chifukwa chake moto uyenera kuyamba, klatchi itsatire. Injini ikhale itakwera kale, cha pa magawo awiri mwa atatu a kulira kwake konse, musanasiye liva. Ambiri amachita mosemphanitsa: amasiya klatchi kenako n'kumapotokola moto, nthawi itapita.

Ngati dzanja lili bwino koma ikutsamwabe, onani izi motsatizana. Injini itenthe kaye kwa mphindi zisanu, ndipo tchoko ikhale itabwezedwa, yosagwira ntchito. Tulutsani siponji ya mpweya. M'misewu ya fumbi ya ku Thekerani kapena ku Masambanjati imatha kutsekeka m'sabata ziwiri zokha. Ichapeni mu palafini, iume, ithireni oyilo pang'ono n'kuifinya osaipotokola. Masulani kasikuluwu ka pansi pa kabuleta, mafuta atsikire m'botolo loyera. Petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, amene amakoka chinyezi, ndipo wogula m'zigubu m'mbali mwa msewu amabweranso ndi zinyalala zake. Mukaona madontho a madzi pansi pa botolo, tsukani kabuleta ndi thanki yomwe. Pulagi yabwino imakhala yofiirira ngati tiyi wamkaka. Yakuda ndi mwaye ikusonyeza mafuta ochuluka, yoyera mbuu ikusonyeza mafuta ochepa. Mpata wa kunsonga kwa pulagi pa injini za CG ndi mamilimita 0.6 mpaka 0.7. Mavalavu a injini akathina nawonso amaba mphamvu ya pansi, ndipo pa CG mpata wake ndi mamilimita 0.08 injini itazizira.

Pali chinthu china chimene anthu a kuno sachiganizira. Injini imataya mphamvu pafupifupi 10 pa 100 iliyonse ikakwera mamita 1,000 chifukwa mpweya umapepuka. Njinga yomwe imadzuka mosavuta ku Nchalo idzaoneka yaulesi ku Bvumbwe, pomwe palibe chawonongeka. Kuchotsa siponji ya mpweya kapena kuboola ekizozi pofuna kubweza mphamvuyo ndi kudzinamiza. Phokoso limakula, mphamvu ya pansi imene wheelie imafuna imachepa, ndipo fumbi limadya pisitoni.

Chothandiza zenizeni ndi sipuloketi. Tinene kuti kutsogolo muli ya mano 15, kumbuyo ya 45. Gawani 45 ndi 15, mupeza 3.0. Mukaika ya 14 kutsogolo mupeza 3.2, kutanthauza kuti mphamvu yofika ku tayala yakwera ndi 7 pa 100 iliyonse, ndipo liwiro la pamapeto latsika chimodzimodzi. Dzino limodzi kutsogolo likufanana ndi mano atatu kumbuyo, koma ya kutsogolo ndi yotchipa ndipo nthawi zambiri tcheni chomwecho cha 428 chimakwanabe. Musatsike pansi pa 13, tcheni chimapindika kwambiri n'kumadya labala ya pa swingarm, chitsulo chija chogwira tayala lakumbuyo. Kwa njinga yokwera zitunda za ku Thyolo tsiku ndi tsiku kusinthaku kumapindulitsa ngakhale kwa amene safuna za wheelie. Woyenda kwambiri pa tala wa ku Midima adzamva injini ikulira kwambiri ndi mafuta akutha msangako.

Likudzuka pang'ono n'kugwa

Njinga ilibe vuto, nthawi ndiyo ikuphonyeka. Kachitidwe kake ndi aka. Ikani giya yoyamba, yendani makilomita 8 mpaka 12 pa ola, liwiro la munthu wothamanga mwapang'ono. Khalani kumbuyo kwa pakati pa mpando, mawondo atapana thanki kapena mbali za mpando, phazi lili pa buleki, zala ziwiri pa klatchi. Tsekani moto mwadzidzidzi n'kukankhira thupi pansi kuti mafoloko alowe. Pomwepo kokani klatchi, kwezani moto. Mafoloko akayamba kubwerera m'mwamba, siyani klatchi kamodzi, thupi likupita kumbuyo manja atatambasuka. Zonsezi zimatha m'sekondi imodzi.

Zolakwika zake zimadziwika. Woyamba amakoka klatchi mpaka kukhudza handulo, ndiye ulendo wobwerera umatalika. Kokani pongofika pamene injini yamasuka. Wachiwiri amasiya klatchi mafoloko akulowabe, ndiye mphamvu ya injini ikulimbana ndi kulemera kwa njinga. Wachitatu amakoka mahandulo ndi mikono. Mukapinda zigongono, chifuwa chimapita kutsogolo, ndipo mwayika kulemera pa tayala lomwe mukufuna lidzuke. Munthu wa makilogalamu 65 pa njinga ya 130 ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a katundu yense, choncho kusuntha matako masentimita 15 kumasintha zambiri kuposa chilichonse chomwe mungagule. Wachinayi amayamba ali pa liwiro lalikulu. Giya yoyamba ya 125 imatha msanga, ndipo mukayambira pa makilomita 20 pa ola injini ilibenso kopita.

Wachisanu ndi mantha, ndipo ameneyu ndi wanzeru. Dzanja limatseka moto lokha tayala likangodzuka chifukwa thupi silinakhulupirire buleki. Mankhwala ake ndi kubwereza kanthu kamodzi kotopetsa: dzutsani tayala masentimita 20 okha, pondani buleki, litsike. Chitani zimenezi kambirimbiri, masiku angapo, mpaka phazi liziponda lokha musanaganize. Mukatero ndi pamene mungakweze pang'onopang'ono. Pumitsani njinga mukayesa kakhumi, chifukwa injini yozizira ndi mphepo siizizira pa liwiro lotere ndipo klatchi yotentha imayamba kuterera.

Ikuthawira kumbali

Ikathawira mbali zosiyanasiyana, ndi wokwera: akukoka dzanja limodzi kuposa linzake, kapena akuyang'ana madigadi m'malo moyang'ana kutali. Sankhani mtengo kapena chulu chakutsogolo muziyang'ana pamenepo. Njinga ikapendekera kumanzere, tulutsani bondo lamanja, ikapendekera kumanja, lamanzere.

Ikathawira mbali imodzimodzi nthawi zonse, ndi njinga. Timizere ta pa zokokera tcheni pa njinga zotchipa si todalirika. Tengani tepi, yezani kuchokera pakati pa bawuti ya swingarm kufika pakati pa ekiselo ya tayala, mbali zonse ziwiri zifanane. Gwirani tayala lakumbuyo njinga itakwezedwa, ligwedezeni cham'mbali. Likasewera, mabushi a swingarm kapena maberingi a habu atha. Pa njinga ya mashoko awiri onani kuti onse ali pa sitepe imodzi ndipo palibe lomwe likutuluka oyilo. Njinga yomwe inagwapo imatha kukhala ndi mafoloko opotoka m'zomangira zake: masulani mabawuti a zomangira zapansi ndi nati ya ekiselo, gwirani buleki yakutsogolo, kankhirani pansi kangapo, mangani.

Ikudzuka mopitirira

Izi zimachitika kwambiri pa Yamaha DT125 ndi zina za two-stroke (zowotcha oyilo pamodzi ndi petulo), zimene mphamvu yake imabwera mwadzidzidzi injini ikakwera, komanso kwa amene wangosintha sipuloketi. Thupi likatsetserekera kumbuyo, dzanja lamanja limapotokola moto wowonjezera mosafuna. Gwirani handulo mkono uli wotsika, osati wokwera pamwamba, ndipo gwirani njinga ndi mawondo kuti manja asanyamule thupi. Chogwirira cha moto chisewere mamilimita 2 mpaka 6, ndipo mukachisiya chibwerere chokha msanga mahandulo ali mbali iliyonse. Chikamakakamira, musayese wheelie mpaka kebulo itakonzedwa. Njinga ikapitirira, buleki yakumbuyo, moto wotseka, klatchi yokoka. Kutsitsa mapazi pansi ndiko kulakwitsa kwakukulu, chifukwa mwachotsa phazi pa buleki ndipo njinga ikukukokani. Kaliyala yaitali yowotcherera ya kabaza ichotseni kaye, imakola miyendo pofuna kudumpha.

Za kusintha giya tayala lili m'mwamba, zisiyeni mpaka mtsogolo. Pakati pa yoyamba ndi yachiwiri pali nyutulo, ndipo mukaphonya, tayala limagwa ndi mphamvu yonse injini ikukuwa.

Zowonongeka pambuyo pake

Chimene chimaononga njinga si kudzuka koma kutera. Tayala likamatsika, onjezani moto pang'ono kuti litere mofewa, mahandulo ali owongoka, dzanja lisakhudze buleki yakutsogolo. Kutera kwa phuu kobwerezabwereza kumayamba kuoneka pa maberingi a khosi. Gwirani buleki yakutsogolo, kankhani njinga kutsogolo ndi kumbuyo. Mukamva kogogoda pansi pa mahandulo, mangani nati ya khosi pang'ono. Ngati mahandulo akukakamira pakati tayala litakwezedwa, mipira ya m'maberingiwo yakumba timaenje, sinthani zonse ndi makapu ake, ndipo mukapeza maberingi a taper a saizi yanu ndi olimba kuposa a mipira. Oyilo wotsika pa mafoloko ndi masilo ophulika. Asintheni msanga oyiloyo asanafike pa buleki.

Masipoko agogodeni ndi sipanala limodzilimodzi. Lolimba limalira ngati belu, lomasuka limangoti phu. Mangani gawo limodzi mwa magawo anayi a mzungulo, osati kwambiri malo amodzi, limu ingakhote. Tcheni chimatalika msanga ndi kumenya kwa klatchi. Muyeso wa kusewera kwake uli pa kapepala ka pa swingarm, pa XR150L ndi mamilimita 20 mpaka 30, ndipo njinga za shoko yaitali zimafuna chomasukirako. Chothina kwambiri chimaononga beringi ya shafiti ya sipuloketi. Kakilipu ka pa joini kaikidwe mbali yotseka ikuyang'ana komwe tcheni chikupita. Malabala a mu habu yakumbuyo akatha mumamva kugunda posiya klatchi. Onaninso mabawuti ogwira injini ndi felemu ya pansi pa mpando, makamaka ngati njingayo inanyamulapo matumba a nanazi kapena nthochi, ming'alu imayambira pa zowotcherera.

Oyilo wa injini ndi pafupifupi lita imodzi yokha, ndipo pampu imakoka kuchokera pansi. Njinga ikaima chilili nthawi yaitali, oyilo amathawira kumbuyo, mutu wa injini n'kuyenda wouma. Masekondi ochepa alibe vuto. Wheelie yaitali yodzionetsera pa injini yotchipa imathera kwa makaniko. Yezani oyilo musanayambe, njinga ili chowongoka pamalo athyathyathya, ndipo pa injini za Honda ndi zotengera zake kayezero kamangokhazikidwa osakamanga. Afike pa mzere wapamwamba koma asapitirire, ochuluka amatulukira ku paipi yopumira n'kunyowetsa siponji ya mpweya. Popeza klatchi ikusiya zinyenyeswa zambiri, sinthani oyilo pa makilomita 1,000 alionse n'kutsuka kasefa kawaya ka pansi pa injini.

Batire ya madzi imataya asidi njinga ikapendekeka kwambiri, ndipo asidiyo amadya felemu, tcheni ndi mawaya. Onani kuti kapaipi kake kalipo ndipo kakutulukira pansi kutali ndi tcheni, kapena ikani batire yotseka yosafuna kuthira madzi, muimange ndi lamba wake kuti isamadumphe potera.